Thovu la Sopo

Mississippi, 1963

Lachinayi ndinasita diresi lobiriwira,
langalanga, osati la munthu wina,
ndipo ndinayenda mamailosi asanu ndi awiri
nsapato zili m'manja kuti zisadye fumbi.
Ndinakazivalira patsinde pa msilikali wamwala
amene amayang'ana kumpoto usana ndi usiku
ngati munthu wodikira yemwe anamuthawa ndi ngongole.

Kalaliki wa kaundula ndi a Thurlow Haskew.
Malaya anavalawo ndinachapa ndine Lolemba.
Kolala yawo ndimaidziwa kuposa akazi awo:
thukuta lachikasu, phulusa la fodya.
"Ozella, wasochera? Zochapa amalandirira kuseri."
Ndinati ndabwera kudzalembetsa kuti ndizivota.
Ndinatchula dzina lonse, Ozella Tolliver Mabry,
dzina lomwe m'tauni muno silinamvekepo lathunthu.

Anati werenga ndime iyi ya malamulo. Ndinawerenga.
Miyezi inayi tinaphunzira m'tchalitchi usiku
mawindo titatchinga ndi mabulangete.
Anati masulira. Ndinamasulira.
Cholembera chinagogoda pa tebulo, go, go,
kenako nkhope yawo inawala ngati apeza ndalama panjira:
"Mu mtanda umodzi wa sopo
muli timathovu tingati?"

Anyamata awiri a pakhomo anaseka chikhakhali.

Koma bambo inu, mwafunsa nsomba za madzi.
Dicey, mayi wa agogo anga,
anagulitsidwa ku Virginia ali ndi zaka khumi ndi ziwiri.
M'buku anamulemba pakati pa bulu ndi mphika wamkuwa.
Anayenda masabata asanu ndi awiri chingwe chili m'chiuno
mpaka kuno kwa thonje,
kudzaphika sopo wa phulusa ndi mafuta a nkhumba
kufikira zikhadabo zitasupuka.

Mwana wake Temperance, nkhondo itafika ku Vicksburg,
anachapira asilikali a malaya abuluu.
Anaphunzira kuti magazi amafuna madzi ozizira,
ukathira otentha amakhazikika.
Mwamuna wake Elias anavota katatu,
katatu, atavala chipewa chobwereka,
mpaka usiku umene anabwera okwera pa akavalo
atafunda nsalu zoyera kumutu.
M'mawa anamupeza pa mtengo wa kuchigayo.
Nsalu zimenezo zinali zoyera mbuu.
Ndakhala ndikudzifunsa moyo wanga wonse:
anazichapa ndani?

Mchimwene wanga Cleophus anatopa,
anakwera sitima ya ku Chicago osatsanzika.
Mwana wanga anabwera kuchokera ku Korea
mendulo ili pachifuwa,
woyendetsa basi n'kumulozera mpando wakumbuyo.
Yunifomu imeneyo ndinaichapanso.
Ili m'bokosi, sitiitchula.

Zonsezi sindinanene.
Lilime linali litauma ngati chikopa cha padzuwa,
mawondo akuwombana pansi pa diresi.
Ndinangoyang'ana kolala ija ndi kuti:
"Zimatengera, bwana,
kuti chovalacho chada bwanji."

Kuseka kunatha.
Ntchentche inamveka pa galasi la windo.
Analemba kena kake msangamsanga:
"Walephera. Ubwerenso pakatha masiku makumi atatu."

Pofika Loweruka makomo atatu anali atatumiza uthenga
kuti apeza wochapa wina.
Wa golosale anatseka buku la ngongole ndikuona.
Usiku galimoto inaima pa mlatho, nyali zitazima,
ine ndi Lavinia tinagona pansi pa bedi
titagwirana manja ngati ana.

Lolemba m'mawa, mtanga pakhonde.
Malaya asanu ndi limodzi a Haskew,
ndi kapepala ka akazi awo: makolala aume bwino.

Ndatereka madzi.
Sopo akuchita thovu m'beseni, sindikuliwerenga.
Ndikuwerenga za pa kalendala ya pakhoma,
ija anatipatsa ogulitsa mabokosi a maliro.
Atsala makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.
Diresi lobiriwira lili kuseri kwa chitseko,
ndalisita kale.